Gemu ikamadodoma, yezani musanagule chipangizo china

Pa zonse zimene ndakhala ndikuphunzira za kathamangidwe ka magemu pa kompyuta, mfundo imene yandithandiza kwambiri ndi ya nthawi imene chithunzi chimodzi chimatenga. Ambirife timangoyang'ana FPS, kuchuluka kwa zithunzi zimene kompyuta imajambula pa sekondi. Koma kuti mupeze 60 FPS, chithunzi chilichonse chiyenera kutha m'mamilisekondi 16.7, ndipo pa 30 FPS ndi 33.3. Chimodzi chokha chikatenga mamilisekondi 100, diso limaona kudodoma ngakhale nambala ya FPS ya pakona pa sikirini ikadali pa 55. N'chifukwa chake gemu yokhazikika pa 40 imakoma kusewera kuposa imene ikungokwera pa 70 n'kutsikanso pa 25.

Choyezera chilipo chaulere, MSI Afterburner pamodzi ndi RivaTuner. Chimalemba pa sikirini mmene GPU (chipangizo chojambula zithunzi cha pa graphics card, kapena kuti khadi) ndi purosesa zikugwirira ntchito, kutentha kwake, RAM (memory ya kompyuta) ndi VRAM (memory ya pa khadiyo). GPU ikakhala pa 97 mpaka 99 peresenti, ndiyo yafika polekezera. Ikakhala pa 60 koma gemu n'kumachedwabe, vuto lili kwa purosesa kapena RAM, ndipo kugula graphics card yatsopano n'kutaya ndalama. Nambala ya purosesa yokha imapusitsa: imatha kuonetsa 40 peresenti pamene core imodzi (gawo limodzi la purosesa), imene gemu ikudalira, yadzaziratu. Njira yotsimikizira ndi kutsitsa resolution (kuchuluka kwa timadontho ta chithunzi) kuchoka pa 1080p kufika pa 720p. Timadontho tojambula timachepa kuchoka pa 2,073,600 kufika pa 921,600. FPS ikapanda kukwera pamenepo, GPU ilibe mlandu.

Ngati ndi GPU, musatsitse zonse pa Low nthawi imodzi. Yambani ndi mithunzi, ambient occlusion (kamdima ka m'makona a zinthu) ndi anti-aliasing (kusalaza m'mphepete mwa zinthu), chifukwa zimalemera kwambiri pomwe kusiyana kwake posewera n'kochepa. Ma texture, zithunzi zokuta pamwamba pa zinthu za m'gemu, ndi nkhani ina. Amadya VRAM, choncho pa khadi ya 4GB, VRAM ikangodzaza, gemu imayamba kutapa ku RAM ndipo imadodoma mukatembenuka mofulumira kapena kulowa malo atsopano. FSR ya AMD, imene inatuluka mu 2021, imajambula pa resolution yotsika n'kukulitsa chithunzicho, ndipo imagwira pa makhadi a makampani osiyanasiyana. DLSS, imene imachita zofanana, imafuna khadi ya Nvidia RTX basi.

Makompyuta ambiri amene timawapeza pamtengo wabwino ndi ogwiritsidwa kale ntchito m'maofesi, monga Dell OptiPlex yaing'ono ija. Bokosi lake n'lopyapyala, ndipo power supply yake ndi ya mawati 200 ndi ena pang'ono, yopanda chingwe cha 6-pin chopatsira khadi magetsi. Khadi yaikulu silowamo, ngakhale italowa siingayake. Yoyenera ndi ya low profile (yaifupi) imene imatenga magetsi pa slot (polowetsa khadipo) pokha, osapitirira mawati 75, monga GTX 1650. Pa RAM, zidutswa ziwiri za 4GB zimaposa chimodzi cha 8GB chifukwa zimagwira mu dual channel, kutanthauza njira ziwiri nthawi imodzi. Kusiyanaku kumakula pa laputopu yopanda khadi yakeyake, poti zithunzi zimadalira RAM yomweyo. Laputopu iseweredwenso ili pachaja, chifukwa pa batire imadzichepetsera mphamvu yokha.

Tsopano kutentha, kumene kuno ku Zomba kumavuta mu Okutobala ndi Novembala mvula isanagwe, fumbi litadzaza m'mafeni. Chizindikiro chake sichibisika. Gemu imayenda bwino mukangoyamba, pakapita mphindi 10 kapena 15 n'kuyamba kulemera. Purosesa ikayandikira madigiri 95 mpaka 100 imadzitsitsa liwiro kuti isapse. Ophunzira a ku Chirunga amene amakhala m'tizipinda ta ku Chikanda amakonda kusewerera pabedi, komatu bulangete limatseka mabowo olowera mpweya pansi pa laputopu. Ikani pa thebulo, kumbuyo kwake mukwezeko pang'ono. Pochotsa fumbi, zimitsani, chotsani ku magetsi, ndipo gwirani feni ndi chala kuti isazungulire pamene mukuuzira mpweya. Thermal paste (phala lopaka pakati pa purosesa ndi choziziritsira chake) ikauma, pukutani yakaleyo ndi isopropyl alcohol n'kuika yatsopano yokula ngati njere ya nandolo pakati pa purosesa.

SSD (chosungira mafayilo chothamanga kuposa hard disk) sikweza FPS kwenikweni, imafupikitsa nthawi yodikira ndi kuchepetsa kudodoma m'magemu a mapu aakulu. Gemu ya Cyberpunk 2077 inayamba kufuna SSD kuyambira mu 2023.

Magetsi akazima pamene gemu ikusunga zimene mwasewera, fayilo imatha kuwonongeka, choncho desktop imafuna UPS, bokosi la batire limene limapereka magetsi kwa kanthawi akazima. Pogula, onani mawati, osati VA yokha: UPS ya 650VA imanyamula pafupifupi mawati 360 mpaka 390. Imeneyi ikwanira OptiPlex ija ndi sikirini yake kwa mphindi zochepa zoti musunge n'kuzimitsa, koma siingakwanitse kompyuta ya khadi yaikulu imene yokha imadya mawati 300.