Misewu ya m'nkhalango ya a Menominee ndi zitsa za paphiri la Dedza

Loweruka lapitali ndinakwera phiri la Dedza pa galimoto pamodzi ndi mwana wa mlongo wanga, ndipo pamalo ena pamene kale mitengo ya paini inkachititsa mdima ngakhale masana, tinangopeza zitsa, milu ya utuchi ndi msewu wokumbika ndi matayala a malole. Mnyamatayo anakhala chete kwa kanthawi, kenako anafunsa kuti, "Amalume, kodi aliko malo amene anthu amacheka matabwa koma nkhalango osatha?" Ndinamuyankha kuti aliko, ndipo ndinawaona ndi maso angawa.

Malowo ali m'chigawo cha Wisconsin ku America, m'dziko la a Menominee, umodzi mwa mitundu ya anthu amene ankakhala ku America azungu asanafike, limene malire ake anakhazikitsidwa ndi pangano la mu 1854. Ndinapitako pamene ndinakacheza kwa mwana wanga wamkazi amene ankaphunzira m'chigawocho. Tinanyamuka pa tauni ya Keshena kulowera ku Neopit, kumene kuli makina ocheka matabwa a mtunduwu kuyambira mu 1908, ndipo titangoyenda pang'ono mitengo inatizinga mbali zonse ziwiri. Ndinatsitsa galasi kuti ndione nsonga za mapaini, koma khosi linauma ndisanaziwone bwino. Ina mwa mitengoyi yatha zaka zoposa 200, ndipo pansi pake pamamera ing'onoing'ono ya misinkhu yosiyanasiyana, monga zimakhalira pa mudzi umene uli ndi agogo, makolo ndi zidzukulu.

Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti nkhalango imeneyi, yokula pafupifupi mahekitala 95,000, sinapulumuke chifukwa chosakhudzidwa ndi nkhwangwa ayi. Eni ake akhala akudulamo mitengo kwa zaka zoposa 150, komabe lero muli mitengo ya matabwa yochuluka kuposa pamene ankayamba. Akatswiri awo amayenda m'nkhalangomo n'kupaka utoto pa mitengo yodwala, yokhota ndi yofooka, ndipo imeneyo ndiyo imagwetsedwa, pamene yowongoka ndi yathanzi imasiyidwa kuti ikule ndi kubereka mbewu. Kwathu kuno timachita zosiyana, pakuti wocheka matabwa amayamba wasankha mtengo wabwino koposa, ndipo wootcha makala amabwera pambuyo kudzamaliza zotsala.

Tili m'njira ndinaona timisewu tafumbi tolowera mkati mwenimweni mwa nkhalango, ndipo mtima unafunitsitsa kuti tikhotere kumeneko. Mwana wanga anakana mwaulemu, nati, "Ababa, misewu imeneyo ndi ya eni ake, alendo timadutsa mu msewu waukulu basi." Poyamba ndinakhumudwa, koma nditaganizira bwino ndinaona kuti lamulo limenelo ndi mbali ya chitetezo cha mitengoyo, chifukwa ndaona kangapo kuno kwathu kuti msewu ukangotseguka m'nkhalango, lole yoyamba kulowamo imabwera usiku. Ulamuliro umenewu a Menominee anachita kuuvutikira. Mu 1961 boma la America linaleka kuwazindikira ngati mtundu wodzilamulira, malo ena anagulitsidwa chifukwa cha umphawi, ndipo panafunika kulimbana kwakukulu, kotsogozedwa ndi anthu monga mayi Ada Deer, kuti mu 1973 ufulu wawo ubwezeretsedwe.

Potsika phiri tsiku lija ndinauza mnyamata uja kuti aime pafupi ndi mudzi wina, pamene pali msitu wa manda. Ponseponse pozungulira ndi minda ya mbatata ya kachewere yopanda ngakhale mthunzi, koma m'mandamo mwaima mitengo yachilengedwe ikuluikulu imene palibe angaiyandikire ndi nkhwangwa popanda chilolezo cha amfumu. Tinatuluka m'galimoto n'kuima chapatali ndithu, ndipo iye anayamba kunditchulira mayina a mitengo imene ankaizindikira, mpaka anafika pa umodzi umene tonse awiri tinagwirizana kuti tikafunse agogo ake dzina lake.