Mlambe wa mamita 900

Tili Folomu 3 ku Salima, aphunzitsi a masamu anatigawa m'magulu a anthu asanu n'kutipatsa ntchito: tipeze kutalika kwa mlambe wa kuseri kwa sukulu popanda kukwera. Kunali kumapeto kwa Okutobala.

Njira yake si yovuta. Umazika ndodo ya mita imodzi pamalo osalala, n'kuiwongola ndi kamwala kolendewera pa ulusi kuti iime chilili. Ukayeza mthunzi wa ndodo ndi wa mtengo, umagawa wa mtengo ndi wa ndodo, basi kutalika kwapezeka. Koma mlambe uli ndi mimba, ndiye mthunzi wake suyambira pa khungwa ayi, umayambira pakati pa thunthu. Tinazunguliza chingwe, tinapeza mamita 9.4. Kugawa ndi 3.14 kunatipatsa kukula kwa thunthu modutsa pakati, pafupifupi mamita 3, theka lake 1.5. Cha m'ma 8 koloko mthunzi kuchokera pa khungwa unali mamita 16.5, kuwonjezera 1.5 uja, 18. Mpaka apa tinali akatswiri.

Ya ndodo inali yanga. Nthaka inali gwa, ndiye ndinatola mwala n'kuyamba kukhomera ndodo ija pafupi ndi phanga la mlambe. M'phangamo munali eni ake. Njuchi zinatuluka wii! Anzanga anayi anabalalika, ine zinandiperekeza mpaka kumjigo.

Ndinalimba mtima kubwerera nthawi itapitirira 11 koloko, diso lakumanzere litatsekeka, mlomo utatupa. Ndodo inali chilili, koma mthunzi wake unali masentimita 2 okha. Ndinalemba zomwe ndinaona. Aphunzitsi omwewo ankati manambala sitisintha.

Chimene panalibe anatiuza n'chakuti kwathu kuno dzuwa limadutsa pamutu penipeni kawiri pa chaka, kumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale, cha m'ma 11:30 mu Okutobala. Nthawi imeneyo mthunzi umabisala kumapazi. Mithunzi iwiriyo iyenera kuyezedwa nthawi imodzi, apo ayi makona atatu amene ndodo imapanga ndi mthunzi wake safanananso ndi a mtengo.

Mlembi wa gulu analemba 18 kugawa ndi 0.02 pa kakyuleta. Inayankha 900. Anabwereza, 900 yemweyo. Poti ndinali wovulala, anati ulemu wokalemba pa bolodi ukhale wanga.

Aphunzitsi anayang'ana bolodi, anayang'ana nkhope yanga, kenako anasuzumira pawindo.

"Iwe, mtengo umenewu ndi uwo tikuuonawo?"

"Eya, sala."

"Nanga ndege zopita ku Lumbadzi zimaulambalala bwanji?"

Kalasi yonse inagwa nacho chiseko. Anatilamula kuti tikabwereze mawa lake, 8 koloko yomweyo, wina pa ndodo wina pa mtengo. Mthunzi wa ndodo unatuluka mamita 1.2, ndipo mlambe unatsika kufika pa mamita 15. Wokazika ndodo ndinali ine ndemwe. Gulu linagwirizana kuti njuchizo zikundidziwa kale.