Bedford ya bambo yasiya kaphokoso kaja

Abale anga, lero mtima wanga uli m'malo. Galimoto yonyamula katundu ya Bedford J6 imene anatisiyira malemu bambo yasiya kaphokoso ka "tiki-tiki" kamene kanandisowetsa mtendere miyezi itatu.

Kankamveka kwambiri m'mawa injini isanatenthe, ikatentha n'kuzilala. Ambiri ankati ndi mavavu, tizitseko tolowetsa mpweya ndi kutulutsa utsi mu injini. Ayi ndithu, unali utsi wothawira pa manifodi ya ekizozi, chitsulo chimene chimasonkhanitsa utsi wotuluka mu injini. Chitsulo chikatentha chimafufuma n'kutseka kampatako, n'chifukwa chake phokoso limachepa. Chinandiululira ndi mwaye wakuda pafupi ndi silinda yakumbuyo. Gasiketi, yotseka mpata pakati pa manifodi ndi injini, inali itapsa, stadi imodzi (bauti yopanda mutu yomangira manifodi) itadukira m'kati mwa hedi, mutu wa injini.

Stadi imeneyo ndiyo inatidyera tsiku lonse. Tinaithira mafuta, tinawotcherera nati pachitsa chake, kenako n'kumaipotokola pang'onopang'ono, uku ndi uku, mpaka inalola. Mukaikakamiza imadukanso, ndiye muyambe ntchito yoboola. Manifodi nayo inali itapindika pang'ono, tinakaisalaza pa makina. Pomanga manati tinayambira pakati kupita kunja.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ena amangomata phala la m'sitolo n'kumapita. Utsi umenewo uli ndi carbon monoxide, mpweya wopanda fungo koma wakupha, ndipo umalowa m'kabini momwe mwakhala inu ndi ana anu. Ineyo mutu unkandipweteka ndikamafika ku Ntcheu, osadziwa gwero lake.

Manifodi yanu ikakhala yong'aluka, kumbukirani kuti ndi ya cast iron, chitsulo chosachedwa kung'aluka: muyambe mwaitenthetsa, muwotcherere ndi ndodo za nikelo, ikazizirire mumchenga.

Loweruka tikukatuta chimanga kumudzi.