Mmene ndinapezera chishalo chosapweteka pa njinga ya tayala limodzi

Tsopano ndikutha kupalasa njinga yanga ya tayala limodzi mtunda wautali popanda kutsika ndili ndi dzanzi, koma kuti ndifike pamenepa ndawononga nthawi ndi ndalama zimene mayi wina sayenera kuwononganso. Gwero la vuto ndi lakuti pa njinga imeneyi thupi lonse limatsamira pa chishalo. Pa njinga ya matayala awiri kulemera kwa munthu kumagawikana pakati pa chishalo, mahandulo ndi mapedulo, ndipo akatopa amaleka kupalasa n'kudzuka pang'ono njinga ikuyenda yokha. Pa ya tayala limodzi mapedulo amazungulira limodzi ndi tayala, choncho miyendo siipuma, ndipo ntchafu zimakhula m'mbali mwa chishalo ulendo wonse.

Chishalo chimene chimabwera ndi njinga zambiri chimakhala chopindika ngati uta, chokwera kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Anachipanga motero kuti wophunzira azitha kupana njinga ndi ntchafu, ndipo pa katayala ka mainchesi 20 koseweretsa pabwalo chilibe vuto. Mukayamba kuyenda maola angapo pa tayala la mainchesi 29 kapena 36, kupindika kumeneko kumakukankhirani pakati penipeni, ndipo mbali yakutsogolo imadinikiza malo obisika, pamene pali mnofu wofewa, mitsempha ya magazi ndi minyewa. Kwa ife amayi zotsatira zake ndi dzanzi, kutupa ndi kusupuka khungu pamalo amene sitingafotokoze momasuka kwa wogulitsa wamwamuna.

Aliyense amene ndinamufunsa anandiuza kuti ndipeze chishalo cha siponji yambiri. Malangizo amenewa musawamvere, amayi anzanga. Siponji yofewa imakoma mphindi zoyambirira zokha. Kenako mafupa awiri a m'matako amene timakhalira amamira m'kati mwake, ndipo siponji yotsala imatukukira pakati n'kudinikiza malo omwewo amene mumafuna kuwateteza. Zishalo zoikamo chubu cha mpweya nazo zimachita chimodzimodzi, chifukwa mpweya umathawa pamene pali fupa n'kupita pamene pali pofewa. Chofunika ndi chishalo chosapindika kwambiri, cholimbirako, chokhala ndi ngalande pakati, kuti thupi likhale pa mafupa. Mafupa amenewa mwa amayi ambiri amakhala otalikirana kuposa mwa amuna, ndipo mungayeze anu pokhala pa katoni yokhuthala n'kuona mtunda wa pakati pa maenje awiri amene atsalapo. Muyezo umenewo ungokuthandizani kuyerekeza ndi kukula kwa kumbuyo kwa chishalo, popeza zishalo zambiri za njinga zimenezi zimapangidwa pa muyezo umodzi, sizisiyanitsa amuna ndi akazi, ndipo sizingakule kwambiri pakati chifukwa zingamanyule ntchafu.

Mayina amene mudzakumana nawo ndi ochepa. Kris Holm, katswiri wa ku Canada wopalasa m'mapiri, ali ndi zishalo zotchedwa Fusion: Freeride ndi chopindika komanso cha siponji yambiri, Zero ndi chowongoka, chopyapyala ndi cholimba, pamene One chimafanana ndi Zero koma n'chofewerapo. Kampani ya Nimbus ili ndi Stadium, chimenenso sichipindika kwambiri. Ine ndinasankha chowongoka, ndipo mavuto anga enieni anayambira pa sitolo ina ya pa intaneti imene ndinachigulako.

Ndisanalipire ndinawalembera eni sitoloyo kuwafunsa ngati chishalocho chingalowe pa chitsulo chogwira chishalo, cholowa mu fulemu, chimene chinali kale pa njinga yanga, ndipo anandiyankha mwachidule kuti zishalo zonse zimalowa. Phukusi litafika ndinatembenuza chishalo n'kupeza kuti pansi pake palibe malo a mabawuti anayi amene ndinawazolowera. Chinali cha mtundu wa Pivotal, umene unachokera ku njinga zing'onozing'ono za masewera zotchedwa BMX: bawuti ndi imodzi yokha, imalowera pamwamba pa chishalo, ndipo chitsulo chake chili ndi mano amene amalumana ndi a pansi pa chishalocho. Zero ndi One zimamangidwa motero, ndipo munthu aliyense wogulitsa zinthu zimenezi amadziwa. Tsiku lonse lotsatira, limene ndinalisunga kuti ndikayesere chishalo chatsopano pamsewu, linathera poyendayenda kwa okonza njinga. Ambiri anali asanaonepo chitsulo choterocho. Mmodzi anali nacho, koma chinali chachifupi monga zimakhalira za BMX, komanso cha mamilimita 25.4 pamene fulemu yanga imafuna 27.2. Wina anafuna kuboola chishalo chatsopanocho kuti alowetse mabawuti anayi, ndipo ndinachita kumulanda m'manja.

Nditawalemberanso eni sitolo, ndi uthenga wawo woyamba uja pamwamba, anandiuza kuti ngati ndikufuna kubweza katunduyo ndilipire ndekha mtengo wotumizira, ndiponso adzadulako ndalama ina chifukwa bokosi linali litatsegulidwa. Kodi munthu angadziwe bwanji kuti chishalo sichikulowa asanatsegule bokosi? Funso limenelo sanaliyankhe. Mapeto ake ndinaitanitsa chitsulo choyenera kuchokera kwina, ndinalipira kawiri ndalama yotumizira, ndipo ndinadikiranso milungu chishalo chili pa shelefu. Choncho musanapereke ndalama, tembenuzani njinga yanu, muone mmene chishalo chamangidwira, muwerenge nambala yolembedwa pa chitsulo kapena muchiyeze. Miyezo yofala ndi mamilimita 22.2, 25.4 ndi 27.2. Musafunse wogulitsa ngati chidzalowa. Mufunseni kuti mabawuti ndi angati, ndipo akutumizireni chithunzi cha pansi pa chishalo.

Chitsulo chitafika panali ntchito ina yochidula. Pa njinga imeneyi tayala lili pansi penipeni pa paipi ya fulemu, motero chitsulo chikatalika chimagunda tayala chishalo chisanatsike pamene mukufuna. Dulani pang'onopang'ono ndi sowo ya zitsulo, n'kusiya gawo lokwanira loti likhale m'kati mwa fulemu.

Chimene chinathetsa dzanzi kwenikweni ndi kupendeketsa. Pa njinga ya matayala awiri amayi timauzidwa kawirikawiri kuti titsitse mphuno ya chishalo, koma kuno ndinapeza kuti zimasemphana. Nditakweza mphuno pang'ono, chiuno chinabwerera m'mbuyo ndipo ndinakhala pa mbali yotakata, pa mafupa. Nditaitsitsa ndinkatsetserekera kutsogolo n'kukhalira pofewa. Apa ndi pamene mano a Pivotal aja anandithandiza, chifukwa amalola kusintha dzino limodzilimodzi, pamene chitsulo cha mabawuti anayi chimangosuntha pang'ono m'timipata take. Yendani ndi sipanala m'thumba masiku oyambirira, musinthe chinthu chimodzi pa ulendo uliwonse, apo ayi simudzadziwa chimene chathandiza. Msinkhu wa chishalo nawonso muuonetsetse: chikakwera kwambiri chiuno chimagwedezekera uku ndi uku pofuna kufikira pedulo, ndipo khungu limasupuka.

Ndikanayenera kutchula kale za chogwirira. Chishalo chowongoka chopanda chogwirira kutsogolo ndi chozunza, chifukwa sichikupanani monga chopindika chija, ndipo kulemera konse kumatsalabe pa mafupa awiri. Chogwirira chachitali, monga T-bar ya Kris Holm, chimakulolani kutsamira ndi manja n'kupepuza matako, makamaka pa msewu wowongoka. Nachonso chili ndi mamangidwe ake, ndiye funsani ngati chikugwirizana ndi chishalo chimene mwasankha, ndipo muitanitse zonse zitatu, chishalo, chitsulo ndi chogwirira, m'phukusi limodzi.

Milungu yoyambirira mafupa aja anawawa ndithu, mpaka ndinaganiza zobwezeretsa chishalo chakale. Ululu wa pa fupa umachepa thupi likazolowera, koma dzanzi sindilo chinthu chozolowera: limasonyeza kuti minyewa kapena mitsempha yapanikizika. Mukalimva tsikani nthawi yomweyo, muyende pansi pang'ono mpaka litatha, ndipo ngati likupitirira ulendo utatha kapena pali kutupa kosatsika, kaonaneni ndi dokotala osachita manyazi. Ine ndimatsika ngakhale dzanzi lisanayambe, pafupifupi theka la ola lililonse, ndipo pa malo osalala ndimadzuka pa mapedulo kwa kanthawi kuti magazi ayende.

Zovala nazo zili ndi gawo lake. Kabudula wa opalasa njinga wokhala ndi kansalu kofewa m'kati amavalidwa popanda chovala china cham'kati, chifukwa misoko ya chovalacho ndi imene imacheka khungu. Sankhani wosokedwera amayi, wothina bwino kuti asapange makwinya, mudzole mafuta oletsa kukhulana m'mphechepeche, ndipo mumuvule n'kumuchapa mukangofika, chifukwa thukuta likakhalitsa limayambitsa zilonda ndi mauka. Zitsulo zogwira mapedulo ndinazisinthanso kuchoka pa zotalika mamilimita 150 kupita pa za 125. Miyendo imazungulira kagawo kakang'ono ndipo ntchafu sizikhula kwambiri, ngakhale kuti pa chitunda ndi potsetsereka pamafunika mphamvu yochulukirapo.

Ngati pali mnzanu wopalasa amene ali ndi chishalo cha mtundu wina, mubwerekeni kaye, ndipo muyende nacho ola lathunthu kapena kupitirira, chifukwa matupi athu ndi osiyana ndipo amayi ena amakhutira ndi chopindika pang'ono. Pobwereka mutenge ndi chitsulo chake chomwe, mutatsimikiza kuti muyezo wake ukulowa mu fulemu yanu. Pogula chanu, ndikubwerezanso, muwerenge nokha mabawuti a pansi pa chishalo musanatumize ndalama, ndipo musunge uthenga uliwonse umene wogulitsa wakuyankhani.