Anesi anandifunsa za azakhali

Lachiwiri, ku Chinamwali. Dzuwa la Okutobala linayamba kuwotcha m'mamawa, phiri la Zomba lili mbuu ndi utsi wa moto wa tchire. Ine ndi alamu anga tinatenga mabuku athu a kuchipatala n'kukwera minibasi, poti tinapangana kale kuti mwezi uno usathe tisanakayezetse mawere. Iwo ali ndi zaka 52, ine 36. M'maganizo mwanga ndinkangowaperekeza, ndinkati za khansa n'za akuluakulu.

Alamu analowa koyamba, sanachedwe. Nditalowa ine, anesi sanafulumire kundiuza kuti ndivule bulauzi. Anatsegula buku lija n'kuyamba mafunso. Munayamba kusamba muli ndi zaka zingati? Mwana woyamba munabereka liti, munayamwitsa nthawi yaitali bwanji? Mowa mumamwa? Kenako anati, "Mayi, kwanu alipo amene anadwalapo khansa ya m'mawere kapena ya thumba la mazira?"

Ndinayankha msanga kuti palibe. Amayi ali moyo, agogo anamwalira atakalamba, mbumba yathu yonse ili gwa.

"Nanga kuchimuna?"

Apo ndinakhala chete. Ife kuno tikamati kwathu timawerenga kuchikazi, kwa amayi ndi amalume. Azakhali anga, alongo awo a bambo, anamwalira ndili fomu 2, ali ndi zaka 43. Ndimakumbukira chitenje chomwe ankamanga pachifuwa ndi fungo la bala m'kachipinda kawo ku Thondwe. Anthu ankanong'ona kuti anawalodza. Palibe anatchulapo mawu akuti khansa ife ana tikumva, ndipo zaka zonsezi sindinaganizepo kuti nthenda yawo ingandikhudze.

Anesi anandifotokozera modekha kuti chibadwa sichisankha mbali. Pali tizinthu ta m'thupi totengera kwa makolo, BRCA1 ndi BRCA2, timene tikakhala ndi vuto timakweza kwambiri chiopsezo. Bambo akhoza kukhala nalo vutolo osadwala, ndipo mwana aliyense, wamkazi kaya wamwamuna, akhoza kulitenga kapena ayi, theka ndi theka. Wachibale akadwala asanafike zaka 50, m'pamene madokotala amatchera khutu.

Atandipima ndi manja, mawere onse mpaka m'khwapa, sanapeze chotupa. Komabe anandilembera kuti ndikaonane ndi dokotala, akaone ngati ndikufunika sikani ndiponso kuti ndizibwera kangati. Pa msinkhu wanga bere limakhala lolimba mkati, moti makina ojambula mkati mwa bere, otchedwa mammogram, saona bwino ngati mmene amaonera kwa mayi amene anasiya kusamba. Anesi anawauza alamu kuti azibwera kudzapimidwa chaka ndi chaka, koma akangoona chotupa, nsonga ya bere italowa mkati, khungu litachita timaenje ngati khoko la lalanje kapena magazi akutuluka, asadikire tsiku.

Pobwerera tinatsikira mumsika waukulu kugula usipa ndi tomato. Alamu anati, "Ndiye kuti ine ndapulumuka, ana anayi onse ndinayamwitsa." Ndinawakumbutsa zomwe anesi anatiuza tonse, kuti kuyamwitsa kumachepetsadi chiopsezo, koma bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi theka la amayi odwala khansayi alibe chifukwa china chodziwika kupatula kukhala mkazi ndi kukula.

Madzulo ndawerenga pafoni kuti ku America, kuyambira 2024, amalangiza mammogram zaka ziwiri zilizonse kuyambira zaka 40 mpaka 74, pomwe ku England amaitana amayi zaka zitatu zilizonse kuyambira zaka 50. Ngakhale kumeneko, amene ali pachiopsezo chachikulu amayamba msanga, ena ndi makina enanso ojambula m'thupi otchedwa MRI. Ife makina otere sitiwapeza pafupi, n'chifukwa chake funso la anesi lija landigwira mtima. Silinadye ndalama, koma lasintha zimene zalembedwa m'buku langa.

Nditatsuka mbale ndinaimbira msuweni wanga, mwana wa azakhali aja. Ali ndi zaka 39 ndipo sanayezetsepo. Poyamba anati ndisamukumbutse za maliro, kenako analira, ine ndinaliranso. Wavomera kuti Lachisanu akwera minibasi ya m'mawa kuchokera ku Thondwe, ndikamudikira pa depoti.