Sabata ya mwera ndi ana obanika

Mwera ukamawomba mu Julayi, ife ogwira ntchito pachipatala chaching'ono cha m'mbali mwa nyanja kuno ku Salima timadziwiratu kuti benchi la ana lidzaza ndi obanika. Sabata yathayi zinatero ndithu.

Lolemba m'mawa kunabwera agogo ena atabereka kamtsikana ka zaka 7. Ndisanamupime n'komwe, ndinali nditamva kale chifuwa chikuimba mluzu potulutsa mpweya, nthiti zikulowa mkati. Nditatsegula kabuku kake ka kuchipatala ndinapeza kuti chaka chino chokha walembedwa chibayo kanayi, ndipo ulendo uliwonse amapatsidwa amoxicillin. Mawu akuti mphumu munalibe.

Tinamupopera salbutamol, mankhwala a mphumu a mu inhela (pampu) yabuluu, kudzera m'botolo la pulasitiki la 500 ml lomwe tinaboola kunsi kuti inhela ilowe. Kupopera kamodzi, mwana apume kasanu, kenako kupoperanso, ndipo pakatha mphindi 20 kubwereza. Ena amaliona botololi ngati chinthu chaumphawi, koma kafukufuku wa ku Cape Town mu 1999 anaonetsa kuti limathandiza mofanana ndi spacer yogula, kachipangizo kopangidwira ntchito yomweyi. Popanda botolo, mankhwala ambiri amathera pa lilime ndi kummero. Ora lisanathe mwana anayamba kuyankhula. Ndinamulembera prednisolone, mankhwala akumwa ochepetsa kutupa, wa masiku atatu.

"Agogo, usiku amadzuka kangati ndi chifuwa?"

"Aaa, adokotala, pafupifupi usiku uliwonse. Tinazolowera."

Mawu amenewo anandilasa mtima. Mwana amene amadzuka usiku ndi chifuwa, amene amabanika koposa kawiri pa sabata, amene amakhala pambali anzake akusewera phada, ndiye kuti mphumu yake siikugonja. Si chinthu chozolowera. Ndinakhala nawo pansi nthawi yaitali, ngakhale mzere kunja unali kung'ung'udza, kuwafotokozera za ma inhela awiri. Yabuluu ija imatsegula njira za mpweya kwa maola ochepa basi. Yabulauni, ya beclomethasone, ndiyo imachotsa kutupa kwa mkati mwa njirazo, koma imafuna m'mawa ndi madzulo tsiku lililonse, ngakhale mwana ali bwinobwino, ndipo phindu lake limaoneka pakapita masabata. Akatha kupopera achukuche mkamwa kuti musatuluke zilonda zoyera.

Lachiwiri linapita ndi malungo, sikelo ya ana ndi mabala a asodzi.

Lachitatu ndilo linandisautsa. Mnyamata wa Fomu 3 anabwera ndi bambo ake kudzatenga inhela yabuluu, yachitatu m'miyezi itatu. Imodzi imakwanira kupopera ka 200. Munthu womaliza zitatu pa chaka chathunthu timamudera kale nkhawa, nanji uyu. Bambowo ankafuna mankhwala amphamvu kuposa awa. Ndinapempha mnyamatayo andionetse mmene amapoperera. Anapopera, utsi wonse n'kutulukira pakamwa. Yabulauni anati anaisiya m'chikwama kalekale chifukwa akapopera samva kusintha, komanso anzake kusukulu amamuseka.

"Adokotala, anthu amati ukayamba pampu susiya, ndipo imafoola mtima," anatero bambo aja.

"Bambo, chimene chikumufoola mwana wanu ndi kubanika kwa usiku uliwonse. Yabuluu ikachuluka mtima umagundadi msangamsanga, n'chifukwa chake tikufuna yabulauni kuti asamaifune pafupipafupi."

Njira zina zilipo, ndipo ndinawauza zonse osabisa. Kuyambira 2019 bungwe la GINA, lomwe limatulutsa malangizo a mphumu padziko lonse, linasiya kuvomereza kuti achinyamata ndi akuluakulu azidalira salbutamol yekha. Limalimbikitsa inhela imodzi yophatikiza budesonide ndi formoterol, yomwe imatsegula chifuwa n'kuchotsanso kutupa nthawi yomweyo. Kwa mnyamata woiwalaiwala ngati uyu ikanamukomera kwambiri, koma pashelefu yathu palibe, ndipo kukaigula ku famase za ku Lilongwe si ndalama ya msodzi. Kulinso mapiritsi a montelukast, omwe ana ena amawalotetsa zoopsa kapena kuwasintha khalidwe, choncho kholo liyenera kuchenjezedwa. Jakisoni wa omalizumab, wa mphumu yovuta kwambiri, ine ndimangomuwerenga m'mabuku. Koma ngakhale zonsezi zikanakhala m'kabati mwanga, sindikanamuwonjezera kanthu tsiku limenelo. Ungakweze bwanji mankhwala pamene oyambawo sanafikepo m'mapapo? Tinaphunzira ndi botolo mpaka anakhoza, ndipo tinagwirizana kuti yabulauni aziisunga pamodzi ndi mswachi, azipopera kunyumba komwe anzake samuona.

Lachinayi masana ndinakwera njinga ndi mlangizi wa zaumoyo kupita kwa agogo aja. Ndinangofika pakhomo n'kumvetsa zonse. Amawamba mlamba ndi utaka pafupi ndi khonde, usiku amalowetsa mbaula m'nyumba chifukwa cha kuzizira, ndipo malume ake a mwanayo amasuta chingambwe pomwepo. Sindikanawauza kuti asiye kuwamba nsomba, poti ndi pomwe pamachokera ufa. Tinagwirizana zimene angathe: powamba mwana azikhala kumene mphepo ikuchokera, mbaula isalowe m'chipinda chogona, awaze madzi asanasese, malume akasutire kutali.

Lachisanu usiku anandidzutsa chifukwa cha mwana wa zaka 4 amene ankalephera ngakhale kumwa madzi, mpweya m'magazi utatsika kufika pa 88 peresenti. Tinamuika pa okosijeni, kumupopera, n'kuitana ambulansi yopita kuchipatala chachikulu cha boma. Mayi ake anali atadikira masiku awiri akumupatsa madzi otentha ndi uchi. Sindinawakalipire, nkhope yawo inali itanena kale zonse.

Loweruka agogo aja anabweranso ndi kamtsikana kaja, botolo lili m'thumba la chitenje. Kanandionetsa kokha kapoperedwe, osaphonya. Pachikuto cha kabuku kake ndinalemba MPHUMU ndi zilembo zazikulu, kuti wina akadzakaona usiku asadzathamangirenso amoxicillin, ndi tsiku loti kadzabwerenso pakatha mwezi. Kenako ndinalowa m'famase kukawerenga ma inhela abulauni otsala. Alipo asanu ndi imodzi, ndipo mwera sunaleke.