Mvula Inagwa Pabalaza ku Hatfield

Poti alamu anga amwaza kale chithunzi chija pa gulu la WhatsApp la kumpingo, bola ndiyankhuliretu tisanakumane ku Highfield, mu Harare, Lamulungu. Eya, munthu wotuwa mbuu ngati gule uja ndine. Koma zoti ndinagwetsa nyumba ya eni ake ndi bodza. Chinagwa ndi siling'i ya pabalaza pokha.

Nyumba yokhalitsa yopanda anthu, madzi odula, magetsi odula, siigulidwa ndi maso okha. N'chifukwa chake alamu atafuna kugula nyumba yotero ku Hatfield, ndinapita kukayeza mapaipi ake a madzi ndi thanki ya malita 1,000, jenereta, kapampu ndi geji yoyezera mphamvu ya madzi. Kayezedwe kake ndi aka, ndipo palibe pulambala anganditsutse: tseka valavu ya pamita kuti madzi ako asathawire ku paipi ya khonsolo, lumikiza pampu pampope wapanja, tsegula mpope wakutali kwambiri mpweya utuluke, kenako tseka yonse. Geji ikafika pa 3 bar, zimitsa pampu udikire mphindi 30. Muvi ukatsika, penapake pakudontha. Giza, thanki yotenthetsera madzi ija, osaiyatsa ili youma, elementi imapsa pompo. Ngakhale fungo lija alamu ankati suweji yaphulika ndinalithetsa ndine: madzi otsekereza fungo m'mapaipi okhota a pansi pa sinki ndi bafa anali atauma, ndinangothiramo makapu angapo. Zimenezi pachithunzipo sizikuoneka.

Tsono muvi wa geji sunkakwera. Ine osatekeseka, chifukwa giza ya mudenga iyenera kuyamba yadzaza. Kapampu kanga kamakankha malita ngati 30 pa mphindi, giza wamba ndi malita 150, ndiye mphindi zisanu basi. Zitakwana khumi ndinauza ajenti wogulitsa nyumbayo kuti iyi ndi giza yaikulu. Zitakwana 15 ndinati mwini wake anali munthu wa ndalama, anaika ziwiri. Ajenti, mnyamata wa Chishona wa nsapato zosongoka, ankangoti, "Achimwene mumadziwa ntchito."

"Alamu," anatero alamu anga chapansipansi, "siling'i imeneyi inali chonchi polowa paja?"

Inali itatupa. Pakati penipeni pa balaza, mozungulira polendewera babu, inatsika pang'onopang'ono, penti ikuchita tseketseke, ife atatu chilili, makosi m'mwamba, panja jenereta ikulira mokhulupirika. Palibe anaganiza zokaizimitsa. Dontho limodzi linayenda pawaya wa babu, n'kuima kunsonga, n'kuganizaganiza, kenako n'kundigwera pamphuno. Ndinalilawa. Musandifunse. Ndinkafuna kudziwa ngati ndi madzi anga.

Apa mumvetse bwino: siling'i ikasunga madzi, njira yake ndi kuiboola kabowo pakati n'kutchera ndowa, kuti isagwe yonse. Ndinachitadi zomwezo, ndi mtengo wa tsache. Kungoti ndowa yanga inali ya malita 10, pomwe m'mwambamo munali oposa 400.

Khuuu! Madzi, bolodi, fumbi la chipangireni nyumba, manyi a makoswe, chisa cha mbalame, ndi khoswe mmodzi wamoyo amene anatera paphewa panga, n'kundiyang'ana, n'kutsika mwaulemu kudzera pamkono. Ajenti anapezeka ali kugeti, nsapato m'manja. Alamu, m'malo mondipatsa nsalu, anatulutsa foni.

Titasuzumira pabowopo, giza kunalibe. Mbava zinainyamula kalekale, mapaipi a kopa zinadula ndi sowo, kusiya kukamwa kwa paipi ya 22 mm kuli yasa, kulavulira pabolodi. Ndiye inu ofuna kugula nyumba zopanda anthu, kwerani mudenga ndi tochi musanathire dontho, muonenso ngati chiswe sichinadye mitengo ya denga. Ine ndikanakwera, koma amene anauzidwa kuti abweretse makwerero ndi yemwe uja wa foni.

Alamu akuti nyumbayo akuifunabe, akungodikira loya aone title deed, chikalata cha umwini wa nyumba, ndi ngongole ya maleti, msonkho wa nyumba, ku khonsolo. Ajenti akuti siling'i ilipiridwe. Ine ndikuti ndawapezera umboni wotsitsira mtengo, koma onse awiri sakuyankha mauthenga anga. Mwini jenereta naye akuifuna Lachinayi.